Sowo Ikathawa Mzere

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinadya utuchi. Sindikuphiphiritsa ayi, ndikunena kudya kwenikweni: mkamwa, m'mphuno, m'makutu, ngakhale m'malo ena amene munthu wobatizidwa sangawatchule papepala. Ndinali munthu wam'dzenje. Pa ntchito yocheka matabwa pamakhala anthu awiri, wapamwamba ndi wam'dzenje, ndipo wapamwamba wanga anali apongozi anga, bambo wa mkazi wanga.

Kunali kumapiri a Ntchisi, amishoni atakhazikika kale, nkhondo ya azungu ija isanayambe kutitengera anyamata kukasenza katundu. Kwathu ine ndi cha ku Dowa. Ku Ntchisiko ndinapita kukakhala chikamwini, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito yanga ikhala ya akamwini onse, khasu ndi kumanga nkhokwe. Patangotha mwezi, apongozi anatumiza uthenga kudzera mwa mkazi wanga kuti munthu amene ankacheka naye wathawira ku Halale, ndiye mawa ndilawirire kunkhalango. Sanandifunse ngati ndikufuna. Mkamwini safunsidwa zimenezo.

Sowoyo sinali yathu. Inali ya amishoni, ndipo anaipereka m'manja mwa apongozi chifukwa ali mnyamata anacheka ndi mzungu woyamba amene anabwera nayo, iwo ali m'dzenje. Amene ali ndi sowo ya amishoni anali ndi kapepala, ndipo asilikali a boma akabwera kudzatola amuna okalambula misewu, iye ndi mnzake ankawadumpha. Amuna a msinkhu wanga m'mudzimo ankatha mmodzimmodzi, ena kumisewu, ena ku Halale, akazi awo n'kutsala akulima okha. Ine ndinkagona m'nyumba mwanga tsiku lililonse, ana anga ankandidziwa nkhope. Zonsezo zinali chifukwa cha chitsulo chija. Chikanachoka pamudzipo, inenso ndikanachoka.

Dzenje tinkalikumba pamtsetse, pafupi ndi pamene mtengo wagwera, chifukwa chipika cha mbawa sichinyamulika, umachitsata komwe chagona. Linkakhala lakuya kumeza munthu woimirira, kumapeto kwake titasema mopondera potuluka. Pamwamba tinkagoneka mitanda iwiri ya muwanga n'kugubuduzirapo chipikacho. Tinkachisema ndi nkhwangwa ndi kasemasema mpaka chitakhala ndi mbali zinayi. Kenako mizere. Chingwe timachinyika m'makala osinja othira madzi, timachikoka kuti chilimbe, timachitukula pakati n'kuchisiya, ndiye chimamenya chipika n'kusiya mzere wakuda. Mzere umodzi pamwamba, mnzake kunsi kwa chipika, iwiriyo titailunjikiza ndi kamwala kolendewera pachingwe. Wapamwamba amatsata mzere wake, wam'dzenje amayang'anira wake.

Sowo yake ndi yaitali kuposa munthu, ili ndi chogwirira kumwamba ndi kunsi. Wapamwamba amaimirira pachipika, amaitukula ndi kuiwongolera, akubwerera chammbuyo pang'onopang'ono. Wam'dzenje amaikokera pansi, ndipo pokokera pansipo ndi pamene imadya, choncho chilichonse chimene yadya imalavulira iyeyo. Ndinafika podziwa mitengo ndi lilime. Mlombwa utuchi wake ndi wofiira, wonunkhira, umakomerako masiku awiri oyamba. Muwanga umatulutsa fumbi lokhalokha ndipo umabunthitsa mano a sowo dzuwa lisanafike paliwombo. Mbawa imawawa, ikalowa m'maso umalira tsiku lonse popanda wakumenya. Ndinkavala chipewa cha mlaza chachikulu, koma mzere uli kumwamba, ndipo munthu sungaone kumwamba osatukula nkhope.

Mawu a ntchitoyi anabwera m'bokosi limodzi ndi sowoyo. Ife tinkadziwa mtengo, nthambi, chitsa. Tsopano kunabwera mainchesi ndi mafiti. Kunabwera thu bayi folo, ndiye mtanda wa denga, ndi wani bayi sikisi, thabwa la mabenchi a kusukulu, ndi wani bayi twelofu, thabwa lalikulu la zitseko ndi matebulo. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwake, yachiwiri kufutukuka kwake. Apongozi sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, koma inchesi anali nayo pachala chawo chachikulu, ndipo masiku amenewo rula ikatsutsana ndi chala chawo, ndinkakayikira rulayo. Pamishoni panali mmisiri, kalipentala wamkulu, munthu wochokera kumwera amene ankayenda ndi rula yopinda m'thumba ndi choko kukhutu. Ndiye ankalandira matabwa athu. Chaka changa choyamba anatembenuza thabwa lina limene linang'aluka kumapeto, analemba mtanda ndi choko, n'kundiyang'ana, n'kuti, "Ili ndi lijeketi." Ine ndinagwada n'kuwomba m'manja kuthokoza, ndikuganiza kuti andipatsa jekete. Anyamata a m'shedi yake anandiseka mwezi wathunthu. Lijeketi ndi thabwa lokanidwa.

Koma mawu aakulu pa ntchito yonseyi sanali achizungu. Anali athu omwe, amodzi okha: yathawa. Wapamwamba akhoza kukhala pamzere wake bwinobwino, koma dzanja lake likangopendekeka pang'ono, kunsi sowo imasiya mzere n'kulowera kumbali, ndipo iye sangaone. Amaona ndi wam'dzenje. Ndiye amafuula kuti, "Yathawa," n'kunena mbali imene yathawira. Wapamwamba amaima, amabweza sowo mmbuyo, amakhomera kamtengo kosongoka mumng'alu, n'kupotoza chogwirira mpaka mano atabwerera pamakala. M'madzenje ena ndinkamva mawu amenewa kangapo patsiku, nthawi zina ophatikiza ndi kachipongwe, awiriwo n'kuseka. Ndi ufulu wokhawo umene wam'dzenje ali nawo.

Ine ufulu umenewo ndinalibe. Ana a masiku ano amene amakhala pabenchi imodzi ndi apongozi awo sangamvetse. Ine sindinkadyera mbale imodzi ndi bambo aja. Mkazi wanga akabweretsa chakudya, iwo ankadyera pachipika, ine kuseri kwa chitsa. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunjuta. Kumaso sindinkawayang'ana. Ndinkadziwa mapazi awo, mawondo awo, chigamba cha pansalu yawo, koma nkhope ndinkangoiona patali ngati mmene umaonera munthu wodutsa kutsidya la dambo. Anthu ankaseka kuti ntchito yocheka anaipangira apongozi ndi mkamwini, popeza chipika chimagona pakati pawo tsiku lonse. Tsono munthu wotere ungamuuze bwanji kuti wakhota? Mawu akuti yathawa amanena sowo, koma aliyense amadziwa kuti sowo sithawa yokha.

Zaka zisanu zoyamba sindinawafune mawuwo. Dzanja la apongozi linali lowongoka, sowo inkatsika pamakala ngati yauzidwa. Chimene chinkandidya chinali china. Ndinkafuna pamwamba. Ndinkawona mapazi awo ali poyera, pamphepo, ine ndili m'matope ndi udzudzu, ndipo mumtima ndinkawerenga imvi zawo. Sindinyadira zimenezi, koma ndi mmene zinalili. Ndinkatopa mpaka kutopako kunasanduka khalidwe langa. Ndinkafika kunyumba, ana n'kundithamangira, ine n'kungowakankha pang'ono kuti ndipeze pokhala.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, tikucheka mlombwa, ndinaona mano a sowo atuluka pambali pa mzere mpata wokwana njere ya mapira. Ndinakhosomola. Sowo inapitirira. Ndinayesa kuikokera kumzere ndi manja anga, koma wam'dzenje sawongola sowo, amangoipinda, ndipo thabwa limatuluka ndi mimba. Tsiku limenelo ndinati mwina ndi mtengo. Sabata yotsatira zinachitikanso, kenako tsiku lililonse.

Ndinayamba kunamizira zinthu zosalankhula. Ndinkati, "Bambo, mtengo uno uli ndi mtima wokhota." Iwo ankati, "Ee, ya m'matanthwe imatero." Tsiku lina ndinkati, "Bambo, kapena mano apindikira mbali imodzi." Ankatsika, kukhala pansi, kutenga tupa, n'kunola dzino lililonse akulisisita ndi chala, theka la tsiku n'kutha. Tikabwerera, sowo yakuthwa ija inkathawa mofulumira kuposa kale. Ndinanamizira chingwe, ndinanamizira makala, ndinanamizira mitanda kuti yatitimira. Mitandayo tinaifukula n'kuiyalanso kawiri, ine ndikudziwa bwinobwino kuti ilibe mlandu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Pamishoni choko cha mmisiri chinayamba kutha msanga. Ankaika rula kumutu kwa thabwa, inchesi imodzi, n'kukaika kumchira, inchesi ndi theka. Malijeketi ankawaunjika kuseri kwa shedi, ndipo azimayi a pamishoni ankamangira makola a nkhuku. Matabwa amene tinawasenza pamutu kutsika phiri, thukuta la masabata atatu, ndinkawaona nkhuku zikunyerapo. Apongozi ankangopitiriza kucheka. Ine ndinkati mphamvu zawathera m'mapewa koma sakufuna kuvomera, ndipo ndinkawakwiyira chamumtima, mkwiyo wa munthu amene sangathe kukweza mawu.

Ndinayesa njira ya chikamwini, yodzera kwa mkazi. Ndinamupeza mmawa akupeta mphale.

"Amayi, pali kanthu kakuti mukawauze bambo."

"Kanthu kanji kosanena nokha? Si inu mumakhala nawo tsiku lonse?"

"Sowo ikumachoka pamzere. Matabwa akukanidwa."

Anaika lichero pansi. "Ndiye mukuti ine ndikaime pamaso pa bambo wanga, ndikati bambo mwakalamba, mukukhota? Adandibala ndi amenewotu."

"Musakanene choncho. Mukangoti ntchito ikuvuta."

Iye anakauza amayi ake kuti ntchito ikuvuta. Amayi akewo anakauza amuna awo kuti mkamwini akudandaula kuti akutopa. Mmawa mwake apongozi ananditumizira uthenga kuti ndipume masiku awiri, pamodzi ndi dengu la mbatata. Ndinadya mbatatazo, nanga ndikanatani. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, chimanga chitalowa m'nkhokwe, mmisiri anatiitana tonse awiri. Tchalitchi cha njerwa chinali chitafika padenga. Iye anali munthu waulemu, anavula chipewa polankhula ndi apongozi.

"Bambo, ine ndakhala ndikukubisirani kwa mzungu, koma kuseri kwa shedi kwadzaza. Tsopano akufuna chitseko cha tchalitchi. Matabwa asanu ndi atatu a mbawa, wani bayi twelofu. Wanena kuti likapezekapo lijeketi ngakhale limodzi, sowo ndikaipereke kwa anyamata a kutsidya kwa mtsinje. Akhala akuipempha."

Apongozi anangoti, "Tamva."

Mbawa yake tinaipeza m'khwawa, mtengo woti anthu atatu sangaukumbatire. Kugwetsa, kudula, kukumba dzenje, kusema, zinatitengera masabata awiri. Mizere ndinamenya ndine, monga ndinkachitira zaka ziwiri zimenezo, iwo atagwira nsonga ya chingwe. Mbawa ina yaikulu chotero kufupi kunalibe, ndipo popeza mbali ina inali ndi mphako, m'chipikacho munali matabwa asanu ndi anayi basi. Tinali ndi mpata wolakwitsa limodzi lokha.

Tinayamba mmawa wa nkhungu, kukuzizira kuja kwa ku Ntchisi kumene kumalowa m'mafupa. Thabwa loyamba linathawa tisanafike pakati, ndipo ndinalisiya lithawe. Ndinaliyang'ana likuwonongeka kuyambira kumutu mpaka kumchira, masiku awiri, mlomo wanga uli tseke. Tsiku lachitatu tinalowa mzere wachiwiri. Titacheka kutalika kwa mkono, mano anatuluka pambali pa makala. Njere ya mapira. Kenako njere ya chimanga. Ndinaganiza za njira ya ku Halale, imene anzanga ankati umayenda miyezi iwiri wapansi. Ndinaganiza za mwana wanga wamng'ono amene anali atangoyamba kukwawa. Ndinalinso wotopa, kutopa koti manyazi omwe ndinalibe mphamvu yowasenza.

"Yathawa."

Mawuwo anatuluka aang'ono, odzaza utuchi. Sowo inakwera n'kutsika katatu.

"Bambo, yathawa."

Inaima. Ndinamva madzi akuyenda m'khwawa, ndi utuchi wotsalira ukugwera pachipewa changa.

"Mbali iti?" anafunsa kuchokera pamwamba.

"Ya kumtsinje, bambo."

"Yayamba lero?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale, ndipo akanalilandira. Koma ndinali nditatopa nalonso.

"Iyayi, bambo."

"Liti?"

"Mvula ziwiri zapitazo."

Ndinkangoona zidendene zawo m'mphepete mwa chipika.

"Mvula ziwiri. Ndipo inu akamwini mudangokhala duu m'dzenjemo, ine ndikunola mano osalakwa."

"Ndinkaopa, bambo."

"Mumaopa chiyani? Sowo ilibe apongozi. Tulukani."

Ndinatuluka n'kuima pambali, maso pansi. Iwo anakhala pachipika, anatsetsereka mpaka mapazi atagunda mtanda, n'kutsika. Ndinkaganiza kuti akupita kumudzi kukaitana akuluakulu, kuti ukwati wanga wathera pomwepo. Koma anatambasula dzanja n'kuti ndiwapatse chipewa.

"Kwerani."

"Bambo, sindingaime pamutu panu. Anthu akamva adzati chiyani?"

"Anthu sacheka matabwa. Ine m'dzenje ndidakhalamo zaka khumi inu musanamere mano. Kwerani, dzuwa likupita."

Anavala chipewa changa cha mlaza n'kulowa m'dzenje, ine n'kukwera.

Walira mvula walira matope. Malo amene ndinawasirira zaka zisanu ndi ziwiri ndinawapeza alibe chokoma. Wam'dzenje amakoka sowo ikutsika yokha ndi kulemera kwake, koma wapamwamba amaitukula yonse, chitsulo chotalika kuposa iye, kuchokera m'mawondo mpaka kupitirira mutu, ndipo msana ndi umene umalipira. Umabwerera chammbuyo pachipika chonyowa ndi nkhungu, kumanzere dzenje, kumanja phompho la khwawa, osaona kumene chidendene chikupita. Ndipo ndikaweramira mzere, m'mphepete mwa chipika ndinkaona chipewa chija chikudzaza utuchi umene ndikugwetsa ine, ndi mapewa owonda akukwera n'kutsika. Ankakhosomola, koma sankaima.

Masana mkazi wanga anabwera ndi chakudya. Anaima patali, anaona amene ali pamwamba, anayang'ana m'dzenje. Anaika dengu pansi pomwepo n'kubwerera, osanena ngakhale moni. Masiku atatu sanandilankhule, madzi osamba ankangondiikira kubafa n'kuchoka. Kumudzi nkhani inafika ife tisanafike. Azimayi kuchitsime ankati mkamwini wa ku Dowa wakula mwendo, wakwirira apongozi ake ali moyo. Apongozi aakazi akandiona patali ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, kutseka kosiyana ndi kwa ulemu kuja.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali chakuti kuchokera m'dzenje simunkachokera mawu. Ine ndinali watsopano pamwamba, ndinkadziwa kuti dzanja langa likupendekeka, ndipo ndinkadikira kuti andiuze. Sananene ngakhale kamodzi. Ndinati akundibwezera: ndinawakhalira chete mvula ziwiri, nawonso andikhalira chete kuti ndione mmene zimawawira. Ndiye ndikacheka kutalika kwa mkono ndinkaima, n'kunena kuti ndikukakhomera kamtengo ka mumng'alu, n'kutsika, kugona chamimba m'mphepete mwa dzenje kusuzumira mzere wakunsi ndekha. Kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mwina makumi awiri patsiku. Pokweranso ndinkawatukwana mumtima, Mulungu andikhululukire. Madzulo aliwonse ankandiuza kuti nditsogole ndikasambe kumtsinje, iwo atsala akupukuta sowo, ndipo ndinkapita mosangalala kuti ndisakhale nawo pafupi.

Tinatha masabata atatu tili choncho. Thabwa lachiwiri lija tinalipulumutsa, linangotsala ndi kabala kakang'ono koti mmisiri akapala. Enawo anatuluka bwino, osati chifukwa cha luso langa koma chifukwa cha kutsikatsika kuja. Lomaliza linalekana ndi chipika Loweruka masana, kutagwa kamvula kowaza kuyambira mmawa. Ndinawayeza onse ndi kamtengo kamene mmisiri anatidulira, kumutu ndi kumchira. Asanu ndi atatu, owongoka. Sindinamve chimwemwe. Ndinangofuna kukhala pansi.

"Tsogolani mukasambe," anatero apongozi ali m'dzenje.

Ndinayankha kuti chabwino, koma sindinapite. Mbawa yaiwisi ikagona pansi ponyowa imapindika, choncho ndinatsala kuti ndiwasanje matabwawo pamitengo, timitengo tating'ono pakati pake kuti mphepo izidutsa. Ndili mkati mosanja ndinamva dothi likugumuka, kenako kukhwekhwereza. Ndinapita kukasuzumira. Mopondera muja, mmene tinasema kumapeto kwa dzenje, munali mutagumuka ndi mvula. Apongozi anali ataimirira chakumbali, akupapasa khoma ndi manja onse awiri, kufunafuna poponda pamalo pamene sipanakhalepo poponda chiyambire.

Ndinagwada m'mphepete n'kutambasula dzanja. Kukhudza apongozi n'kosayenera, koma kuwasiya m'dzenje n'kosayenera koposa. Dzanja langa linali patsogolo pa nkhope yawo penipeni, mpata wa chikhatho chimodzi. Iwo anapitiriza kupapasa khoma. Dzanja lawo linadutsa pafupi ndi langa, linabwerera, linadutsanso. Chipewa chinali chitagwa, nkhope atatukulira kumwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo ndinawayang'ana m'maso. Onse awiri anali otuwa ndi ng'ala, mbuu, ngati madzi otsukira mpunga.

Ndinakhala chogwada pomwepo. Munthu ameneyu anaimirira pachipika mvula ziwiri, akubwerera chammbuyo pamwamba pa maenje ndi makwawa, akutsata mzere umene sankauona, akungodalira zala za kumapazi ndi chete wanga. Ndikakhala chete, kwa iwo ndiye kuti zili bwino. Masabata atatu awa sankandibwezera kalikonse. Ankangokoka sowo mumdima, utuchi wa mbawa ukugwera m'maso omwewo. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo, ndipo mpaka lero sanandichoke.

"Dzanja lili pano, bambo."

Anadzidzimuka. Anatembenukira kumene kwachokera mawu, n'kugwira mphepo. Ndinawagwira pamkono ndekha n'kuwakoka. Anali opepuka, sindinayembekezere. Anakhala pamulu wa dothi akupuma, ine n'kukhala chapatali monga mwa masiku onse, koma nkhope sindinaibwezenso pansi.

"Simudapite kukasamba," anatero.

"Ndimasanja matabwa, bambo."

"Ali bwanji?"

"Owongoka onse."

Anagwedeza mutu. Anafufuza m'tsitsi ndi zala kuchotsa utuchi.

"Lolemba mukanyamule matabwawa ndi ana a mlongo wanga. Mmisiri akafunsa, mukamuuze kuti ndadwala mwendo. Sowo ija adailemba m'dzina langa. Akadziwa za masowa aitenga tsiku lomwelo, inu mupita ku Halale, mwana wanga atsala akulima yekha ngati anzake. Ine m'dzenje nditha kukhalamo mvula zina ziwiri, kukoka sikufuna maso. Pofika pamenepo mzungu adzakhala atazolowera matabwa anu."

"Amayi a kunyumba kwanu akudziwa?"

"Amadziwa kuti ndimapunthwa. Amati ndi ukalamba. Musakawonjezerepo."

Ndinatola sowo, ndinaikulunga m'chiguduli chake, ndinaika paphewa. Iwo anaimirira n'kupapasa pansi ndi phazi kufuna njira. Mwa mwambo ndinayenera kuwasiya atsogole, ine ndibwere mmbuyo chapatali. Ndinaima osadziwa chochita.

"Tsogolani ndinu, akamwini," anatero. "Koma musathamange. Ndipo muziponda pamasamba, ndizikumvani."